Therere la ku Leeds

Ndinaganiza zochoka tsiku lomwe tinadyera therere kachisanu pa sabata imodzi, njala ya 2002 itangodutsa. Ndinauza amayi kuti, "Ine basi, ndatopa nazo ndiwo zotererazi." Msuweni wanga Esnati anali ku Leeds, ku Mangalande, ndiye ndinamutsatira.

Koma abale, ku Mangalande si kumwamba. Miyezi itatu ndinangobindikira m'chipinda cha Esnati, kuzizira, popanda ngakhale wopatsana naye moni. Ndikagula khadi la foni n'kuimba ku Balaka ndinkanama kuti zonse zili bwino. Ndikadula, misozi.

Kenako ndinapeza mwayi pa lesitilanti ya a Loretta, mayi wachikuda wochokera kummwera kwa America. Ankaphika za kwawo: nkhuku yokazinga, masamba onga repu, ndi buledi wa chimanga wonga chikondamoyo. Anandipatsa sabata imodzi yoyeserera. Esnati anali atanena kale kuti ndikalephera sangathenso kundisunga.

Tsiku lachitatu anandikankhira katoni. "Konza izi." Kutsegula, mayo ine, therere! Ndalithawa ku Balaka, landipeza kuno? Sindinafunse n'komwe, nanga ndani angandiphunzitse ine therere? Ndinaliduladula lonse, kuthira soda ndi tomato, kutakasa mpaka linananda bwinobwino. Osadziwa kuti iwo amaligubuduza mu ufa n'kulikazinga m'mafuta.

A Loretta atavundukula poto anagwira m'chiuno. "Mwana iwe, wandiwonongera katoni yonse!" Ndinayamba kumasula epuloni. Koma anatenga supuni n'kulawa. Analawanso. Kenako anati, "Agogo anga ankaphika chonchi, ife adzukulu n'kumachita nazo manyazi. Manga epuloniyo."

Ndinagwira pamenepo zaka zisanu. Lachisanu lililonse therere langa linkagulitsidwa, azungu akulimbana nalo ndi foloko, ine ndikufa ndi phwete kukhitchini. Malipiro akewo ndi omwe anafolera nyumba ya amayi ndi malata. A Loretta, Mulungu awadalitse komwe ali. Koma amayi sindinawauzepo, ndinkangoti ndimagwira ntchito mu hotela yaikulu.

Nditabwerera, amayi anandiphera nkhuku. Ndili mkati modya ndinaona alamu anga akuzemba ndi kambale kulowera kuseri kwa nyumba. Ndinawatsatira. Linali therere, alibisa kuti mlendo wa ku Mangalande asalione. Zinandiwawa mumtima, chifukwa manyazi amenewo ndinawaphunzitsa ndine.

Ndinalanda kambaleko n'kukakhala nako pamphasa pafupi ndi amayi.

"Iwe, suja unkati watopa nalo?" anafunsa.

Ndinaloza denga. "Amayi, malata awa ndi therere."