Mwendo wa Abiti Saidi ndi ntchito yopanda dzina

Lachiwiri lapitali ndinali pakhonde kwa alamu anga, Che Jafali, ndikumwa tiyi, pamene kabaza anaima pabwalo atanyamula mayi wina wa ku Chowe, Abiti Saidi. Anatsika movutikira, mwendo wakumanzere uli wotupa, atauzenga nsalu.

Titapatsana moni, mayiwo anapita pa nkhani. "Ndamva kuti mwana wanu wabwera kuchokera kusukulu. Ndati andijambuleko mwendowu, aone ngati fupa lathyoka. Kuchipatala mzere wake uja, inu!"

Ine tiyi ananditsamwa.

Mwana ankanenayo ndi Asiyatu, mwana wa mlongo wanga. Amaphunzira pa koleji ina ku Blantyre zimene eni ake amazitcha girafiki dizaini, ndipo pano anali pa tchuthi. Bambo ake akhala akulengeza kudoko, kumzikiti, ngakhale pa maliro, kuti mwana wawo akuphunzira kujambula pa makina. Tsono Abiti Saidi analakwa pati? Kuchipatala akamaunika fupa, si paja timati akujambula?

Ndipotu sanali oyamba. Dzulo lake kunabwera banja lonse litatchena, ana atadzola mafuta mpaka kunyezimira, kuti awajambule chithunzi. Kwaya ya tchalitchi china kutsidya inatumiza uthenga kuti ili ndi nyimbo zoti ijambule. Wa pensulo amajambula, wa kamera amajambula, wa wailesi amajambula, wa mafupa amajambulanso. Liwu limodzi lomweli talisenzetsa katundu wa mudzi wonse.

Asiyatu anawapepesa mayiwo n'kuwaperekeza kuchipatala. Atangochoka, Che Jafali anandiyandikira, nkhope ili gwaa.

Muwamvetse alamu angawa. Tsiku limene mwanayu anabwera ndi nkhani yoti wasankhidwa kukaphunzira girafiki, iwo anamva thirafiki. Anavomera msangamsanga, akuona kale mwana wawo ali pamsewu, chipewa choyera kumutu, madalaivala a minibasi akunjenjemera. Choonadi anachidziwa mwana atapita kale, ndipo mpaka lero sichinawatsike pakhosi.

"Alamu," anatero, "mbumba ndi yanu, koma manyazi akugwira ine. Basi yobwerera ku Blantyre sakwera mpaka atandiuza ntchito yakeyi m'mawu oti ndikawanene kudoko anthu osandiseka. M'Chichewa kapena m'Chiyao, asankhe yekha. Zikakanika, akalembetse za unamwino."

Ndinaganiza kuti ndi nkhani yaing'ono. Ine wolemba nkhani si uja ndimadyera mawu? Ndinayesa "zojambulajambula." Anati zimenezo ndi za ana a mkaka. Ndinayesa "zokongoletsa." Anafunsa ngati ndiye kuti adzatsegula saluni. Ndinayesa "luso la zithunzi," iwo anangondiyang'ana mpaka ndinaweramira m'kapu.

Asiyatu atabwerako n'kumva chigamulocho, misozi inalengeza m'maso mwake, nakalowa m'nyumba. Kunena zoona, anandimvetsa chisoni, chifukwa mwanayu sukulu yakeyo amaikonda ndi mtima wonse.

Koma tisawaunjikire Che Jafali okha. Tonse tili choncho. Timakhulupirira ntchito yokhala ndi dzina lalifupi ndi yunifomu: namwino, mphunzitsi, wapolisi. Ntchito yoti ukafunsidwa pa ukwati uyankhe kamodzi, wofunsayo agwedeze mutu. Mwana akangobwera ndi ntchito yofunika kuifotokoza, timayamba kumuona ngati wasochera. Kodi timafuniradi mwanayo zabwino, kapena timangofuna choyankha anzathu akatifunsa?

M'mawa mwake ndinamutenga Asiyatu kuti andiperekeze kumsika wa paboma, apitidweko mphepo. Ndinadziputira! Ulendo wongogula matimati ndi anyezi unatidyera m'mawa wonse.

Tisanalowe n'komwe mumsika, anaima pamene pamaima akabaza. "Amalume, taonani mpando wa njinga iyo. Wofiira, mphonje zachikasu. Muona kuti wokwera ayamba kupita kwa ameneyo." Sanamalize, mayi wina wa dengu anadutsa njinga zonse zakutsogolo n'kukakhala pomwepo.

Kenako anaima pa chikwangwani cha wometa, kuseka mutu wina wojambulidwa wopanda khosi, koma kuyamikira zilembo zake. Anaima pa mikeka. Anapempha bambo wina wachikulire kuti aone bwino ulusi wopetedwa pa kofia yawo, bambowo n'kuvula mokondwa ngati akhala akudikira zaka zonsezi kuti wina awafunse. Anagwira manja a mtsikana wina amene anali atalembedwa hina pokonzekera ukwati, n'kumatsata maluwawo ndi chala. Ngakhale wa matimati sanapulumuke: Asiyatu anafuna kudziwa chifukwa chake lakupsa kwambiri amaliika pamwamba pa mulu.

"Iwe, kodi kusukulu kwanuko mumaphunzira ziti kwenikweni?" ndinamufunsa, thumba likundilemera. "Nsalu, zikwangwani kapena matimati?"

"Zonse ndi ntchito imodzi, amalume. Ine sindikufuna kusankha. Ndikufuna nsalu, ndikufuna mabuku a ana, ndikufuna mapaketi, ndikufuna zilembo." Analoza botolo la mankhwala ophera tizilombo pa benchi ina. "Munthu wosadziwa kuwerenga amadziwa bwanji kuti awa si akumwa? Alipo wina anakhala pansi kuganiza za chigaza icho ndi mtundu wofiirawo."

Ndakulira pa Mangochi pano, msika umenewu ndimaudziwa ngati m'nyumba mwanga, koma tsiku limenelo ndinachita ngati mlendo. Zinthu zonsezi timazidutsa tsiku ndi tsiku, timagula chifukwa cha izo, timasankha kabaza chifukwa cha izo, koma mwana akati akufuna kuziphunzira timati ndi masewera.

Komabe mawu oti tiwapatse bambo ake tinalibe. Ndinamuuza choncho pobwerera. Iye anati, "Mawu ndilibe. Koma ndili ndi choti ndiwaonetse."

Masana amenewo Che Jafali anali pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Asiyatu anabwera ndi kompyuta yake ya m'manja, nagwada pambali pawo.

"Baba, iyi ndi ntchito imene ndinapereka kusukulu. Anatiuza kuti aliyense apange chitenje cha kwawo."

Ine ndinasuzumira. Panalibe nsomba, panalibe nyanja, panalibe dzina la munthu. Mizere yokhayokha: wabuluu waukulu, woyera wowonda pansi pake, wachikasu, kenako timano tofiira ta makona atatu titandandalikana, zonsezo zikubwerezedwa mpaka nsalu kudzaza.

Che Jafali anangoponyako diso mwaulesi. Kenako dzanja losoka lija linaima.

"Ilitu ndi boti langa."

Ndiyenera kukuuzani kuti boti lawo la matabwa alamu angawa amalipenta okha chaka ndi chaka, ndipo burashi sakhudzitsa munthu. Amati mlongo wanga azitha kulizindikira likadali kutali pakati pa maboti ena, adziwe kuti mwamuna wake wabwerako ndi moyo.

"Mwalidziwa bwanji, baba?" anafunsa Asiyatu. "Botitu palibepo apa. Ngakhale thabwa limodzi."

"Ndingalephere kulidziwa? Nkhope yake ndi imeneyi."

"Ndiye zimenezo ndi zimene ndimaphunzira."

Che Jafali anakokera kompyuta ija pafupi, naiyang'ana nthawi yaitali, maso ali ngwee. Ine ndinadziwa kuti sukulu ya mwanayu ili pa mawu amene atuluke pakamwa pawo.

"Wachikasuwu wachepa," anatero. "Pa boti langa ndi waukulu kuposa woyera."

"Ndiukuza, baba."

"Timanoti tiyang'ane kutsogolo. Boti silibwerera m'mbuyo."

Mlongo wanga, amene ankamvetsera pazenera, anafuula kuti chitenje choyamba chikadzatuluka ndi chake. Asiyatu anayamba kuseka ndi kulira pamodzi. Mwanayu tsiku lomwelo anapeza chilolezo chobwerera kusukulu komanso kasitomala wovuta.

Mawu amene ine wodyera mawu ndinawasowa anabwera okha tsiku lotsatira. Panafika bambo wina atavala jekete dzuwa lonse la Mangochi lija, kufuna chithunzi cha chitupa. Asiyatu asanatuluke, Che Jafali anali ataimirira kale.

"Achimwene, kuno sitijambula nkhope ayi," anatero, chifuwa chili patsogolo. "Mwana wangayu amapatsa zinthu nkhope. Kuti chinthu ukachiona patali, uchidziwe."

Bambo wa jekete anagwedeza mutu ngati wamva, ndipo sanaseke. Loweruka Che Jafali ananyamula okha chikwama cha mwana wawo mpaka kudepoti, akumukumbutsabe za mzere wachikasu.

Za mwendo wa Abiti Saidi, musade nkhawa: fupa silinathyoke, unangobinya. Koma nkhani ya nkhope inakafika ku Chowe basi ya Asiyatu isanafike ku Blantyre. Mayiwo atumiza uthenga kuti thobwa limene amagulitsa limafanana botolo ndi thobwa la aliyense pa siteji, ndipo akufuna kudziwa ngati mtsikana uja angalipatseko nkhope akadzabweranso.

Nanga inu, mwana wanu uja munamuletsa chifukwa ntchito yake inalibe dzina loti mukanene kwa anzanu, munayamba mwakhala pansi kuti akuonetseni?