Mapazi a Abambo

Fungo la mnofu wopsa silinandichokebe m'mphuno. Unali m'mawa wa mu Juni, tikuotha moto pafupi ndi chigafa tisanayambe kusankha fodya. Amayi ananunkhiza, nkuyang'ana pansi, nkukuwa. Abambo anali ataponda khala lamoto, koma iwo ankangopitiriza nkhani yawo ya mitengo ya fodya.

Kuyambira pamenepo mtendere unatha pakhomo. Patapata ankawavuka m'njira iwo osadziwa, ndipo ankati mapazi achita dzanzi ngati avala masokosi onyowa. Pachitsime amayi ena ankatsitsa mawu ndikafika, koma liwu loti khate ndinkalimva ndithu. Anzanga anasiya kudya nane chinangwa. Abambo anali mkamwini wochokera ku Nambuma, ndipo atsibweni, alongo awo a amayi, sanazungulire. "Ngati ndi khate, alamu abwerere kwawo. Ana atsala pano." Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndikaona njinga yachilendo ikukhotera kwathu ndinkangoti abwera kudzawatenga abambo.

Tinapita ku chipatala cha ku Kabudula pa ngolo, ine, amayi ndi abambo. M'chipindamo munkanunkha sipiriti. Adokotala, mayi wamfupi wosaseka wamba, anawavula abambo malaya nkuyang'ana msana wonse ngati pali mawanga. Anawapapasa mitsempha ya pachigongono ndi kuseri kwa bondo. Kenaka anawagogoda mawondo ndi kahamala ka mphira, miyendo nkudumpha yokha, koma pa akakolo panangoti zii. Anamenya kachitsulo ka mphanda kuti kanjenjemere nkukaika pa chala chachikulu chakuphazi. Ine ndinkadabwa kuti ulendo wonsewu tadzera masewera amenewa eti.

Pomaliza anatulutsa kachingwe ka pulasitiki konga kowedzera nsomba. "Bambo, tsinzinani. Ndikakukhudzani munene kuti ee."

Anawakhudza padzanja. "Ee." Pabondo. "Ee." Kuphazi, abambo anachedwa pang'ono, kenaka anati ee. Apo adokotala anabweza dzanja, kachingwe kali m'mwamba, nkungodikira. Abambo, maso ali chitsinzinire, thukuta likutsika m'khosi kunja kukuzizira, anati, "Ee." Patapita kanthawi anabwerezanso, "Ee, ndamva."

"Bambo, sindinakukhudzeni."

Amayi anaweramira pansi. Ine manyazi anandigwira mpaka kumakutu, pamodzi ndi mantha. Kusukulu wobera mayeso ankamuthamangitsa, ndiye ndinadziwa kuti basi, abambo akupita ku Nambuma. Ndinayamba kulira mokweza, mamina ali chuchuchu, mpaka amayi ananditsina.

Adokotala sanakalipe. Anakoka mpando nkuwafunsa abambo chimene ankaopa, ndipo abambo anatchula liwu lija motsitsa, ngati akutukwana pamaso pa apongozi. Adokotala anayambiranso kuyeza, ulendo uno abambo akungokhala chete pamene sanamve. Kuchokera kuzala mpaka pa akakolo, mapazi onse awiri, munalibe ee ngakhale mmodzi. Chete ameneyo anandiopsa kuposa bodza lija. Atatero anawabaya chala, nkutitumanso kukapereka magazi ena.

Tinadikira pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Yankho linali lakuti si khate, ndi shuga amene anadya mitsempha ya kumapazi. Adokotala anati kumva kwa mapazi sikubwereranso, koma mapaziwo angasungike: asayende opanda nsapato, ndipo wina aziwayang'ana kuphazi tsiku lililonse. Ntchito imeneyo amayi sanaipereke kwa munthu wina, ankaigwira okha. Atsibweni atamva anangoti, "Chabwino," nkubwereka khasu la abambo ngati kale.

Kwa nthawi yaitali ndinkawasungira abambo kamkwiyo, poti iwo omwe ankatikwapula tikanama ndiwo ananama pamaso pa mlendo. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa chimene munthu amaona akatsinzina pa mpando ngati uja. Abambo sankamvera kachingwe ayi. Ankaona msewu wa ku Nambuma, iwo akuyenda okha.