Munthu Wogwira Chingwe pa Thanki Yachinayi

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ntchito ya a Manzere inali kugwira chingwe. Pa fakitale yoyenga mafuta ophikira pali mathanki anayi okwiriridwa pansi, ndipo Lachinayi lililonse munthu amatsikira m'thanki imodzi kukapala matope a mafuta. Munthu ameneyo ndi mwana wanga mzime, bambo wa ana atatu. Amamanga chingwe m'chiuno, nsonga inayo n'kutsala m'manja mwa woima pakamwa pa thanki.

A Manzere anapatsidwa dzinali chifukwa ankakulunga chingwecho kudzanja lamanzere, mpaka chikhatho chinauma ngati chikopa cha nsapato. Sukulu analekeza asanadziwe kulemba kalata. Ankakhala m'chipinda chimodzi cha lendi ndi akazi awo odwala miyendo, ndipo pa mndandanda wa malipiro dzina lawo linali lachiwiri kuchokera pansi, pamwamba pa wosesa yekha.

Lamulo la fakitale ndi lakuti wapansiyo akakoka chingwe kamodzi ndiye kuti zili bwino, akakoka katatu ndiye kuti amutulutse. A Manzere sankalikhulupirira lamulolo. Ankati mpweya woipa wa m'thanki supweteka, umaledzeretsa, ndipo dzanja lokokera chingwe ndilo limayamba kugona. Choncho anali ndi njira yawo. Mwana wanga akangotsika, iwo ankayamba kumunyoza osapuma, za mutu wake waukulu, za mkonono wake umene ati unathamangitsa anthu oyandikana naye nyumba. Iye ankayenera kubweza. Mayankho akamabwera msanga, olasa bwino, a Manzere ankakhala phee pakireti yawo. Akayamba kuchedwa, ankakoka osafunsa munthu.

Ine ndinaphunzitsa za chuma ku sekondale zaka makumi atatu. Ndinkalemba pabolodi kuti malipiro amatsata kusowa kwa luso: dokotala alandire zambiri poti madokotala ndi ochepa, wosesa alandire zochepa poti tsache aliyense atha kuligwira. Ndinkachonga mayankho amenewo ndi cholembera chofiira, tulo n'kumapeza bwinobwino.

Chaka chatha eni fakitale anaitana mlangizi woti aunikenso maudindo ndi malipiro. Anali mwana wa m'kalasi mwanga, uja ankakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, amene ndinamugwira kawiri akubera mayeso. Akuti zimene ankalandira pa tsiku limodzi, a Manzere ankazipeza pa miyezi isanu. Anaima pa thanki mphindi khumi atavala chipewa cholimba chatsopano, naona nkhalamba itakhala pakireti ikunyoza dzenje. Analemba kuti udindowu sufuna sukulu, sulamulira munthu, suyendetsa makina, ndipo mwini wake amangocheza pantchito. Chingwe achipereke kwa mlonda wa pageti.

Ndinapita ku ofesi yake. Anandisiya pabenchi maola awiri, kenako n'kundilandira ndi mano onse, "Aphunzitsi anga" apa, "Aphunzitsi anga" apo. Anandibwezera phunziro langa lomwe lija, nati pageti pamaima anthu makumi asanu m'mawa uliwonse, aliyense ali ndi manja awiri, ndiye msika ulipirirenji zambiri kugwira chingwe? Benchi lija ndi mano aja sindidzaziiwala.

Lachinayi loyamba a Manzere atachotsedwa, mpongozi wanga anabwera kunyumba m'mamawa, nsalu atamanga mokhota. Anati mwamuna wake sanadye kanthu, koma wapolisha nsapato za ana onse atatu, zimene sanachitepo chikwatiraneni. Tinanyamuka limodzi kupita ku fakitale.

Thanki yachinayi, imene mwana wanga ankatsikiramo tsikulo, ili pafupi kwambiri ndi mpanda wa waya, moti woima mumsewu amaona pakamwa pake. A Manzere tinawapeza ali kale pamenepo, zala atakoleka pawaya. Palibe anawaitana. Mlonda anali atazengereza chingwe pamkono, dzanja linalo lili pa foni. Mwana wanga anationa, anagwedeza mutu, natsika makwerero.

"Iwe Chimutu!" anakuwa a Manzere. "Mutuwo wakwana pakhomopo, kapena tiwupake mafuta?"

Mawu anatuluka pansi ngati a munthu wolankhulira mumgolo: "Madala, akuchotsani ntchito koma pakamwa anaiwala kukulandani!"

Zinapitirira choncho mwina theka la ola. Mpongozi wanga anafika poseka, misozi ili m'maso. Kenako a Manzere anafunsa ngati n'zoona kuti apongozi ake amabisa ndiwo iye akamabwera. Panadutsa kanthawi. Ine sindinaonepo chachilendo. Yankho litabwera, linali lofatsa, laulemu:

"Zikomo kwambiri, bambo. Zonse zili bwino."

Nkhope ya a Manzere inatuwa. Zaka zonsezi mwana wanga anali asanawatchulepo bambo ali m'dzenje. Anauza mlonda kuti akoke. Mlondayo anati chingwe sichinakokedwe katatu, ndipo akamutulutsa ntchito isanathe kapitawo amudya wamoyo. Sindimuimba mlandu, anatsata zimene anauzidwa. Ine ndinangogwira waya wa mpanda. Mpongozi wanga anagwada m'fumbi, akuitana dzina la mwamuna wake. Pansi panali chete.

Nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi inakwera mpanda. Waya wa pamwamba unang'amba buluku ndi chikhatho chamanzere chija, koma sanayang'aneko n'komwe. Analanda chingwe, anaponda pamlomo pa thanki, nayamba kukoka, magazi akutsetsereka pachingwepo. Mlonda anataya foni nagwira kumbuyo kwawo. Dalaivala wa lole amene ankadikira katundu anathamangira pomwepo. Mwana wanga anatuluka mutu uli lende, milomo yotuwa, akumwetulira ngati woledzera. Anamugoneka chammbali. Anasanza, kenako anapuma.

Patatha sabata kunatuluka kalata ya eni fakitale. Inati munthu wakunja anakwera mpanda ndi kusokoneza ntchito, ndipo akadzaonekanso pafupi adzaitanirwa apolisi. Za mpweya inangoti akufufuza. Udindo wa chingwe sunabwerere. A Manzere anawasoka dzanja, ndipo pano amalondera nyumba yosungiramo matayala kutsidya kwa tauni, komwe Lachinayi ndi tsiku la ntchito ngati ena onse. Mwana wanga ndinamupempha kuti asiye. Anandifunsa kuti ana adya chiyani, n'kundikumbutsa za anthu makumi asanu a pageti aja. Nayenso ndinamuphunzitsa ndine.

Ndiye tsopano pampanda pamakhala ine, ndi kampando kanga. Msewu si wa fakitale. Mlonda walonjeza kuti ndikati kokani, adzakoka. Lamulungu lililonse ndimapita kwa a Manzere kukaphunzira, ine wa madigiri awiri nditakhala pamphasa. Amati kunyoza kwanga n'kwa kusukulu, kwakutali, munthu atha kufa ndisanafike pa mfundo.

"Aphunzitsi, musamamvere zimene akunenazo," anatero sabata yatha, akusisita chipsera. "Muzimvera nthawi imene akutenga kuti ayankhe."

Sindinawauze kuti khutu langa lakumanzere linafa kalekale, ndipo lakumanjali layamba kulira ngati muli njuchi. Mpongozi wanga sindinamuuzenso. Mawa ndi Lachinayi, ndipo akutsikira m'thanki yachiwiri, imene ili patali ndi mpanda.