Mphaka Amene Justina Anasinthanitsa ndi Khasu

Kumidzi ya kumwera kwa Nsanje, cha kufupi ndi Marka, okalamba ena akali kunena kuti Justina Nyatembo anataya munda wake chifukwa chokakamira mphaka wokalamba. Amati anthu anamuuza kuti apeze wina, iye n'kukana, makoswe n'kumudyera mbewu. Buku limene Augustino, mphunzitsi wa kasukulu ka mishoni kuderalo, ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku likutsutsa zimenezi. Lolemba pa 9 Okutobala 1922 iye analemba kuti: "Ndapereka mphaka wa pasukulu kwa mayi wamasiye Justina. Wasiya khasu." Choncho malangizo aja Justina anawamvera, ndipo mbewu zinatha iye atawamvera kale.

Justina anali Msena. Anafika kuno mu 1917 pothawa nkhondo ya kudziko la Apwitikizi, pamodzi ndi mwamuna wake Fernando, mwana wawo wamkazi Teresa, ndi Lorenso, mng'ono wake wa Fernando. Pa katundu amene anasenza panali dengu, ndipo m'dengumo munali mphaka wamphongo wotuwa. Fernando anamutcha Kapitawo, chifukwa ankakhala pamthunzi n'kumayang'ana ena akulima. Eni nthaka anawapatsa malo m'mbali mwa Shire pa pangano limodzi: munda umene sunadzalidwe unkabwerera kwa eni ake, popeza obwera ofuna malo anali ambiri.

Fernando anamwalira ndi chimfine chachikulu kumapeto kwa 1918. Mwa mwambo wa kwawo, Justina anayenera kulowa m'banja la Lorenso, amene anali ndi mkazi kale. Iye anakana. Abale anamulola kukhala yekha malinga ngati akudzidyetsa ndi munda wake, ndipo kwa zaka zitatu anakwanitsa.

Dzinja lolowera mu 1922 mvula inakana. Justina anakolola mapira osadzaza nkhokwe ngakhale theka. Ngala zabwino anazipatula, nazimanga mitolo isanu ndi umodzi, n'kuipachika kudenga pamwamba pa moto kuti ikhale mbewu. Wina angafunse chifukwa chake sanazisunge mumtsuko womata ndi dothi, monga ankachitira ena. Mitsuko yake ikuluikulu anali ataisinthanitsa kale ndi ufa. Pofika Seputembala iye ndi Teresa ankadya nyika, mizu ya m'madzi imene amayi ankakumba kudambo, ndipo ulendo umodzi wa kudambo unkatenga masiku anayi. Masiku onsewo m'nyumba simunkayaka moto, ndipo mlonda wa mitolo ija anali Kapitawo yekha.

Kapitawo anali ndi zaka pafupifupi khumi ndi ziwiri. Mano akutsogolo anali atatha, diso limodzi litachita ng'ala, ndipo Justina ankachita kumufinyira tinsomba ndi zala kuti ameze. Nkhokwe za m'mudzi zitakhala zopanda kanthu, makoswe anasamukira m'nyumba za anthu. Mtolo umodzi unatha mu Seputembala momwemo.

M'mawa wina Lorenso anabwera kudzaona mlamu wake, napeza mphakayo atagona pakhomo.

"Alamu, a Kapitawo akali pantchito kapena anapuma?"

"Akuyang'anira," anayankha Justina.

"Akuyang'anira makoswe kuti adye mwadongosolo. Ndaona mmodzi akuwadutsa pamphuno, mpaka kuwaombera m'manja. Bweretsani mitoloyo kwanga, alamu. Kwanga kuli mtsuko."

"Mitolo ikalowa kwanu, mwini wake atsatira."

"Nanga cholakwika n'chiyani? Khomo langa ndi lalikulu."

"Nkhabe, alamu. Ndakana kale kanayi."

Lorenso anaseka n'kuchoka. Sanali munthu wankhanza, ndipo mawu ake okhudza mphaka anali oona. Koma pakhomo pake panali ana asanu anjala, ndipo mbewu zosungitsa panyumba yotere chaka chimenecho sizinkabwerera.

Amphaka amene akanatha kupezeka anali awiri. Priska, mnansi wake, anali ndi tiana ta mphaka ta masabata asanu ndi limodzi, ndipo anatola kamodzi pakhosi n'kukaika m'manja mwa Justina.

"Tengani kakakazi aka, anzanga. Nkhalamba sichitira nsanje khanda. Azidzagona pamodzi, kazidzamunyambita makutu."

"Khoswe kadzagwira liti?"

"Mvula ikamadzagwa kadzakhala katakula."

"Ndiye kadzalondera zingwe zokha za mitolo. Ndipo ndikadyetsa chiyani? Inu mkaka muli nawo?"

Priska anayang'ana kamphakako, nayang'ana khoswe amene mwamuna wake anali atapha m'mawawo, ndipo anavomereza kuti khosweyo anali wamkulu kuposa iko.

Winayo anali mphaka wa pasukulu, wamphongo, wa zaka zitatu, amene anathetsa makoswe odya mabuku ndi zovala za mphunzitsi. Sukulu inali pa mtunda wa ola limodzi ndi theka. Justina ankadziwa, monga ankadziwira aliyense wosunga amphaka, kuti amphongo awiri sakhala pansi pa denga limodzi. Kamphaka ka Priska kakanasiya Kapitawo pamtendere, mbewu n'kutha. Wa pasukulu akanateteza mbewu, Kapitawo n'kuthamangitsidwa. Zikuoneka kuti anaganizira nkhaniyi sabata yathunthu, pakuti mtolo wachiwiri unayamba kudyedwa iye asananyamuke. Pomaliza anatenga khasu la malemu mwamuna wake ndi dengu lomwe lija, napita kusukulu.

Augustino sanakane kupereka mphakayo, chifukwa ana anali atasiya kubwera kaamba ka njala ndipo mabuku anali atawatsekera m'bokosi lachitsulo. Koma anamuchenjeza.

"Mayi, mphaka wamkulu amadziwa kwawo. Mukamutsekere masiku khumi, muzimudyetsa ndi dzanja lanu."

"Ndikakhala pakhomo masiku khumi, aphunzitsi, mwana wanga adya chiyani?"

"Ndiye mum'mange chingwe."

"Mphaka womanga agwira khoswe uti?"

Justina anaika khasu pansi. Augustino analikankhira kwa iye, nati mphaka wa pasukulu si wogulitsa.

"Waulere sakhala pakhomo, aphunzitsi. Landirani, kuti naye adziwe kuti kuno kwatha."

"Mayi, mphaka sadziwa khasu."

"Kwathu amadziwa."

Anthu a kwawo kwa Justina ankakhulupiriradi kuti mphaka amene wasiyiridwa kanthu amakhazikika kwa mwini watsopano. Augustino analandira khasulo, mwina pofuna kuti mayiyo asachite manyazi. Justina anathokoza m'Chisena kuti takhuta, nasenza dengu lake.

Amphaka awiriwo anamenyana tsiku lomwelo, dzuwa lisanapendeke. Ndewuyo siinatalike. Kapitawo anatuluka khutu litang'ambika, nakabisala m'mabango kuseri kwa nyumba. Justina anamuitana, namuikira tinsomba m'mphepete mwa mabangomo. Lachiwiri anadya. Lachitatu tinsombato tinakhala mpaka nyerere zinatinyamula. Ena amati anadyedwa ndi fisi, koma palibe amene anaona zimenezo.

Mphaka watsopanoyo anagwira ntchito imene anamutengera. M'masiku atatu anapha makoswe asanu ndi awiri, ndipo Justina anawayala pabwalo kuti Lorenso awaone podutsa. Lachinayi nyika zinatha m'nyumba. Anatseka mabowo a m'khoma ndi udzu, nasiya madzi m'phale, namanga chitseko cha bango ndi luzi, ndipo iye ndi Teresa anatsatira amayi ena kudambo.

Loweruka pa 14 Okutobala mphunzitsi analemba mzere umodzi: "Mphaka wabwerera yekha." Sanatumize uthenga, ndipo sakanatha kutero, pakuti amayi a kudambo ankasuntha malo tsiku lililonse. Nyumba ya Justina inakhala masiku osachepera awiri yopanda moto, yopanda mphaka.

Justina ndi Teresa anabwerako Lolemba masana. Khoma la bango linali ndi bowo pafupi ndi denga. Zingwe zonse zinali m'malo mwake. Pansi panali mankhusu, ndipo atasesa mosamala n'kupeta, mbewu zimene zinatsala zinakwana m'manja awiri.

Priska ankanena mpaka ukalamba wake kuti Kapitawo akanakhalapo, fungo lake lokha likanachepetsa makoswe, ndipo mitolo iwiri ikanapulumuka. N'kutheka. Koma mtolo woyamba unatha Kapitawo ali pomwepo, ndipo palibe chosonyeza kuti makoswe ankamuopa. Kamphaka ka Priska nako sikakanathandiza. Tiana tonse tinafa mayi wawo atauma mkaka. Ndafufuza njira imene Justina akanatsata n'kupulumutsa mbewu zake ali pakhomo pake, ndipo sindinaipeze.

Augustino anafuna kum'bwezera mphakayo, koma kunalibenso choti alondere. Khasu analibweza, ndipo Justina analisinthanitsa ndi ufa wa masiku asanu. Mbewu zotsala zija anazidzala pa mvula yoyamba ya mu Novembala. Zinamera, kenako kunachita ng'amba masabata awiri, n'kupsa zonse. Anayenda midzi inayi kupempha zina. Amene anali nazo ankasungira minda yawo, ndipo ena anali atazidya.

Pa 4 Disembala 1922 Justina anasamukira kwa Lorenso monga mkazi wachiwiri, ndipo Teresa anasiya sukulu. Eni nthaka sanadikire kuti dzinja lithe. Munda wa m'mbali mwa Shire uja unaperekedwa kwa banja lina la obwera, limene chaka chotsatira linadzalamo thonje.