Telala amene sankadula nkhope

Ku Kawale ukafunsa telala wodziwa nsalu ya chipani, ngakhale wogulitsa makala ankakulozera pakhonde la golosale pamene pankakhala abambo Esau Maxon. Anali munthu wa ku Dedza, wamfupi, tepi ili m'khosi ngati anabadwa nayo. Luso lawo linali ili: nsalu yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko ankaidula mwakuti sizasi sinkakhudza ngakhale khutu, ndipo nkhopeyo sinkagwera kokhalira. Masiku amenewo kulakwitsa pamenepo kunali kudziputira tsoka.

Koma tsokalo linawapezabe. Mng'ono wawo Lucious, wogwira ntchito ya fodya ku Kanengo, anatayirira pakamwa ali pamowa. Kunabwera galimoto, basi, osaonekanso. A Esau sanagwetse msozi. Ankangoti, "Mkulu uja sadziwa zimenezi. Oipa ndi omuzungulira." Musaganize kuti ankanama, ayi, ankakhulupiriradi, ndipo n'zimene zimandimvetsa chisoni.

Mwana wawo Ireen, mphunzitsi wa ku Biwi, sankawanyengerera. "Ababa, munthu uja ankafuna kuti dziko lonse lizimuona ngati bambo wolibereka. Mwana akamamenyedwa amayamba kuikira kumbuyo womumenyayo. Inu mantha mwawatcha chikondi."

"Iwe, sukulu yakuzunguza mutu," ankayankha motero, n'kupalasa makina mwamphamvu kuti asamvenso.

Pa riferendamu ya 1993 a Esau anavotera ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo ananena poyera. Kuyambira tsiku limenelo alamu awo, amayi Edna, mkazi wa Lucious, anasiya kuwapatsa moni. Zinawawawa kwambiri, pakuti chimene chinatsala cha mng'ono wawo chinali pakhomo pomwepo.

Mmawa wina mu 1995, boma litasintha kale, amayi Edna anatulukira pakhonde paja. Anaponya patebulo nsalu yomwe ankavinira mokakamizidwa mwamuna wawo atasowa.

"Alamu, mwana wanga Zipora wachira. Mwana wamwamuna, tamutcha Lucious. Mundidulire matewera pansaluyi, mubwere nawo nokha mudzamuone. Mukakana, pakhomo panga musadzapondenso."

A Esau sanakane. Anayala nsalu, anatenga sizasi. Koma manja, abale inu! Zaka makumi atatu si masewera. Sizasi inangokhota yokha, kuzungulira nkhope bwinobwino, ndipo chimene chinatuluka chinali kansanza kongokwana kupukutira thukuta.

Amayi Edna anakanyamula ndi zala ziwiri. "Mwana akwana apa? Mpaka lero mukumusungabe ameneyu, alamu? Nanga mng'ono wanu anamusunga ndani?"

A Esau anayang'ananso patebulo. Pansalupo panatsala nkhope ina yathunthu. Anayang'ana kumanja kwa msewu, n'kuyang'ananso kumanzere, ngati wakuba. Kenaka analowetsa sizasi pachibwano, n'kudutsa pakati pa maso mpaka kutulukira pamwamba.

Anaima chilili, kudikira. Kondakitala wa minibasi ankaitanira anthu a m'tauni. Mayi wa mandasi ankakangana ndi kasitomala. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anacheuka.

A Esau anakhala pampando. Bambo wa imvi analira ngati mwana, pakhonde, masanasana.

"Zaka zonsezi sindinamulire Lucious," anatero. "Ndinkaopa kuti andiona."

Amayi Edna sanawatonthoze. Anakoka benchi n'kukhala pafupi, koyamba pa zaka ziwiri, nayamba kuwasanjira zidutswa zija.

"Lirani, alamu, ine ndinalira ndekha. Mukatha mupinde m'mphepetemo. Lucious akudikira agogo ake."