Towela ndi Mapilisi Abodza a ku Chawama

Inu amene mantha akukumangani manja, imvani za Towela, mayi wogulitsa vitumbuwa pamsika wa Chawama.

Tsiku lina mwana wake Ennie anagwa pakhomo la kalasi, thovu lili kukamwa. Mwanayo anali ndi khunyu, koma mankhwala ankamwa osadumphitsa. Kukiliniki namwino anapempha kuona mapilisiwo, n'kuphwanya limodzi ndi chikhadabo.

"Munagula kuti aya, amai?"

"Pa kashopu ka pafupi na kwathu. Kuno yenze yasila," anayankha Towela, pakuti kukilinikiko mankhwala anali atatha.

"Aya si mankhwala. Ni choko chabe."

Nthawi yonseyi Towela ankamwetsa mwana wake choko ndi dzanja lake lomwe.

Ennie anapulumuka, koma lilime linalemera, mawu ankatuluka movutikira. Kuyambira pamenepo Towela ankaopa pilisi lililonse. Kumumwetsa mwana, mtima phaphapha. Kusamumwetsa, chimodzimodzi. Bokosi labodza ndi lenileni sankatha kuwasiyanitsa, ndipo munthu wolephera Giredi 12 ngati iye akanafunsa ndani?

Kutchalitchi kwawo kunabwera Ba Mukuka, mphunzitsi wa makompyuta, kudzaphunzitsa amayi mwaulere. Atangotchula mawu akuti blockchain, ambiri anadzuka n'kutuluka, chifukwa akuba ena anapusitsapo anthu m'komboni ndi mawu omwewo. Towela nayenso anali atanyamula chikwama.

"Sinikamba va kulemera musanga," anatero Ba Mukuka. "Ganizani bokosi ya mankhwala. Ikachoka ku fakitale, ilembewa. Ikafika ku holoselo, ilembewa. Makompyuta yambiri yasunga nkhani imodzi, ndipo palibe angaifute olo kuisintha eka."

Towela anakhalanso pansi.

Maphunziro anali owawa. Foni yake inali yosweka galasi, magetsi ankangozimazima, ndipo zambiri ankazimva pobwereza kangapo. Kenako m'komboni munabuka mphekesera yakuti Towela walowa za satana. Makasitomala anayamba kulambalala tebulo lake. Iye ankadziwa zimene gulu la anthu okwiya limachita ndi munthu wonenedwa choncho, moti akamva phokoso panja ankakoka Ennie n'kutseka chitseko.

Patapita nthawi, Ba Mukuka ndi ophunzira ake anagwirizana ndi holoselo ina kuyesa njira ya blockchain ija pa mankhwala. Bokosi lililonse linkamatidwa kachizindikiro, wogula akakajambula ndi foni ankaona komwe lachokera. Ntchito ya Towela inali kuyenda m'mashopu kuwakopa kuti alowemo.

Masana ena mwini kashopu kaja kogulitsa mapilisi a choko anaima patebulo lake. Anatola chitumbuwa, n'kuluma mosafulumira.

"Mwana wanu ayenda eka ku sukulu, ai?" anafunsa akumwetulira.

Towela anapakira katundu n'kubwerera kunyumba. Anauza Ba Mukuka kuti waleka, ndipo iwo sanamukakamize.

Akadali chobindikira m'nyumba, kunabwera Ba Justina, mayi wachikulire woyandikana naye, atafumbata bokosi la mapilisi a BP.

"Mwana wanga, akuti iwe uziba. Niyanganireko ngati ni yazoona. Mutu siuleka kubaba."

Bokosilo linalibe chizindikiro. Towela analitembenuza uku ndi uku, osatha kudziwa ngati mapilisiwo ndi enieni, mayiyo akumuyang'ana m'maso. Mayiyo atangotuluka, Towela anamanga zovala za Ennie n'kukamusiya kwa amayi ake aakulu ku Matero. Anakanena za chiopsezo chija kupolisi, kenako anabwerera m'mashopu, mantha ali momwemo.

Mashopu olowamo sanachuluke, koma amayi anayamba kuuzana komwe kuli mabokosi a chizindikiro. Kashopu kaja kanasowa ogula mpaka kanatsekedwa, ndipo mwini wake sadziwika komwe ali. Ennie anabwerera kwa mayi ake, ndipo kugwa kunachepa.

Lero Towela amaphunzitsa amayi m'makomboni a Mtendere ndi George. Amawauza poyera kuti njirayi idakali yakhanda ndipo siingachiritse bodza lonse. Koma amakhulupirira kuti ana awo adzaona mapepala a mapuloti ndi masatifiketi akusungidwa momwemo, osasinthika ndi dzanja la munthu mmodzi. Akatsika minibasi amachewukabe kumbuyo.

Inunso mwina mukudikira kuti mantha athe kaye kuti muyambe. Mwina sadzatha. Dzukani muyambe mukunjenjemera choncho, ndipo mtima wanu musautaye.