Chilembo Chosowa pa Mwala

Atelala anasoka zovala zaka makumi anayi pakhonde la sitolo imodzi, ndipo sanalembepo muyeso wa munthu ngakhale kamodzi. Ankakuzunguliza tepi m'chiuno, n'kutsina ndi chikhadabo pamene yathera, basi. Ukabweranso patatha chaka ankakuuza kuti wanenepa zala ziwiri. Anthu ankati mayiwa ali ndi mutu. Mutu anali nawodi, koma kuwerenga sankadziwa. Sukulu anaisiya asanaizolowere, mayi awo atamwalira, kuti alere azing'ono awo anayi. Izi sanauzepo munthu. Ukawapatsa pepala yankho linali limodzi: "Ndaiwala magalasi."

Ana anali nawo awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Wamwamunayo anakalowa ntchito yophika m'sitima yonyamula katundu panyanja. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo foni inalira masana, iwo akudula nsalu ya diresi. Munthu wosamudziwa anati mwana wanu anadwala ali pakati pa nyanja, wamwalira sitima itangofika padoko, taika konkuno. Atelala anamaliza kudula nsaluyo, chifukwa inali ya mwini, kenako anaphimba makina. Analira monga amalirira mayi aliyense. Koma foni si manda. Mumtima munatsala kamawu kakuti mwina anasokoneza anthu, mwina anaika wina.

Kamawu kameneka anakauza anzawo awiri okha. Mmodzi anali Aphunzitsi, amene atapuma ntchito ankakhala pabenchi la pakhondelo madzulo alionse. Wina anali Amabatani, mwini sitoloyo, wogulitsa ulusi, mazipi ndi mabatani, munthu wa pakamwa posatseka.

"Tiyeni tikaone mandawo," anatero Aphunzitsi tsiku lina. "Mwawonda nazo mokwanira."

"Ndipita ndekha."

"Inu?" anatero Amabatani. "Mungasochere m'chimbudzi cha m'ndege, tidzakupezeni chaka chamawa. Tipita tonse."

Mapepala anatenga chaka. Aphunzitsi ndiwo ankalemba mafomu onse, ati dzanja lawo ndi lozolowera. Atelala ankangosaina, ndipo kusainako anakuphunzira monga amaphunzirira kapetedwe ka duwa: apa ukwere, apa utsike, apa ukhote.

Tsiku laulendo ananyamuka m'mamawa. Mwana wawo wamkazi anawaperekeza mpaka pabwalo la ndege. Atafika pachipata pamene operekeza amabwerera, anatulutsa magalasi atsopano, a chingwe, n'kuwakoleka m'khosi mwa mayi ake.

"Kuti musaiwalenso, amayi. Kumeneko n'kwa mapepala okhaokha."

Atelala anathokoza. Mwanayo sanadziwe kuti wawalanda chishango.

Sutikesi ya Amabatani inalemera kupitirira muyeso, ndipo anaitsekula pamaso pa anthu n'kutulutsamo mabulangete awiri ndi ketulo. Atelala anali ndi kachikwama kamodzi. M'thumba la jekete munali choko chawo cholembera nsalu, chimene chinatsalamo mwachizolowezi, ndi kolala ya malaya a sukulu, yosuluka, yopindidwa kanayi. M'kati mwa kolalayo munali dzina la mwana wawo wamwamuna uja, losokedwa ndi ulusi wofiira. Kalekale mwanayo akuyamba sukulu, Aphunzitsi analilemba ndi choko pansalu, Atelala n'kulondola ndi singano. Analisokanso pa malaya alionse kwa zaka khumi ndi ziwiri. Zilembo zake sankazidziwa maina, koma ankazidziwa nkhope. Zinali zisanu ndi chimodzi.

M'ndege anawakhazika motalikirana. Atelala anapezeka pawindo, pambali pa bambo wina amene anagona ndege isananyamuke. Itathamanga n'kusiya nthaka, anagwira mpando ndi manja onse awiri, mapazi akupondaponda pansi ngati akupalasa makina. Nyumba zinachepa ngati mabatani otayika. Kenako kunabwera madzi, madzi opanda tsidya, maola ambiri. Anawayang'ana osaphethira. Uku ndiye kunali kuntchito kwa mwana wawo.

Atatsala pang'ono kutera, mtsikana wogwira ntchito m'ndege anagawa timafomu. Atelala analandira kawo. Mawu aja oti ndaiwala magalasi anafika pakamwa okha, koma magalasi anali lende pachifuwa, aliyense akuwaona. Anawavala. Zilembo zinakula, zinaoneka bwino lomwe, koma sizinanene kanthu.

Posakhalitsa Aphunzitsi anatulukira m'kanjira kapakati, akugwira mipando, cholembera chili kale m'manja.

"Bweretsani kuno, asisi. M'ndege dzanja limanjenjemera."

"Silikunjenjemera langali."

"Langa lasiya kale. Bweretsani."

Analemba ali chiimire, n'kubwerera kumpando kwawo.

Anatera dzuwa lili pamutu koma losatentha. Mphepo inalowa m'jekete ngati singano. Amabatani anayamba kudandaula za mabulangete awo. Panja panali bambo wa imvi atanyamula chikwangwani. Aphunzitsi anati uyo wathu. Anali mnzake wa malemuyo wa m'sitima, yemwe uja anaimba foni. Anavula chipewa, n'kugwira dzanja la Atelala ndi manja awiri.

"Amayi, mukapume kaye. Kumanda tipita mawa."

"Ndapuma zaka zisanu ndi zitatu, mwanawe. Tiyeni."

Manda a anthu apanyanja anali paphiri, moyang'ana doko. Miyala yake inali yaing'ono, yofanana, mizeremizere ngati ana pamzere wa sukulu. Bamboyo anakanda m'mutu. Anati mzere ndi uno, koma penipeni waiwala, papita nthawi. Aphunzitsi anayamba kutsogola.

"Imani," anatero Atelala. "Ndimupeza ndekha."

Anatulutsa kolala ija, n'kuifunyulula. Anayenda pang'onopang'ono, mwala ndi mwala, diso pakolala, diso pamwala. Anzawo ankatsata m'mbuyo. Pa mwala wachikhumi ndi chinayi anaima. Chilembo choyamba chinali chomwecho. Chachiwiri chomwecho. Anagwada, n'kulondola ndi chala monga ankalondolera ndi singano. Anawerenga zilembozo ndi zala, n'kubwerezanso.

"Si ameneyu."

"Ndi pompano, amayi," anatero bamboyo. "Ndakumbuka mtengo uwu."

"Wanga ali nazo zisanu ndi chimodzi. Apa pali zisanu. Chachinayi palibe, chija chokhala ngati mbedza." Mawu awo anakwera pang'ono. "Ndinanena ine. Munaika mwana wa eni."

Pansi pa dzinalo panali mizere ina iwiri, ya timalemba ting'onoting'ono ndi manambala. Atelala anaiyang'ana nthawi yaitali. Yankho linali pamenepo, pafupi ndi mphuno yawo. Akanatha kudzuka, n'kubwerera kwawo ndi kamawu kawo kaja, n'kukasunga mpaka imfa. Anavula magalasi, n'kuwasiya alende.

"Aphunzitsi. Ndiwerengereni apa. Ine sindidziwa kuwerenga. Sindinadziwepo."

Aphunzitsi anagwada pambali pawo, maondo akulira. Sananamizire kudabwa. Anaika chala pamzere woyamba n'kuwerenga momveka, mawu amodziamodzi, ngati m'kalasi. Linali tsiku lobadwa, mwezi ndi chaka. Kenako tsiku lomwalira. Mzere womaliza unati: wophika m'sitima.

"Tsiku lobadwalo mubwereze."

Anabwereza.

"Linali Lachitatu," anatero Atelala. "Ndinasoka mpaka masana, madzi n'kusweka ndili pamakina." Anapukuta mwalawo ndi chikhatho. "Ndi iyeyu."

Analira pang'ono, osafuula. Amabatani anawafunditsa mpango wawo, iwo n'kutsala akunjenjemera. Bambo uja anapita kukaima patali, chipewa chili m'manja.

Atatontholako, Atelala anafunsa osatembenuka: "Munadziwa liti?"

"Chaka chimene ndinakulemberani dzinali pansalu," anatero Aphunzitsi. "Munaligwira chadodolido, n'kunena kuti lalembedwa bwino."

"Ine ndinadziwa kale kuposa pamenepo," anatero Amabatani. "Munthu wolowetsa ulusi pasingano kamodzi kokha, magalasi a chiyani?"

"Osandiuza bwanji?"

"Zovala zathu akanatisokera ndani mutakwiya?"

Atelala anapisa m'thumba n'kutulutsa choko chija. Anayala kolala pamwamba pa mwala kuti aziona. Pakati pa chilembo chachitatu ndi chotsatira panali kampata kochepa. Anajambulapo mbedza ija mosamala, anafufuta ndi chala pamene inapindika, n'kujambulanso. Dzinalo linakwana.

"Mvula ifufuta zimenezo, asisi," anatero Amabatani.

"Ifufute." Anagwira phewa la Aphunzitsi n'kudzuka. Anakodola bambo uja. "Mwanawe, amene anasema mwala uwu akadali moyo?"

"Ndikhoza kufunsa, amayi."

"Funsani lero. Mawa mutiperekeze. Ntchito yolakwika imabwerera kwa mwini wake."

Anapinda kolala kanayi, n'kuibweza m'thumba, ndipo anatsika phirilo atatu, Atelala ali pakati.